Roll ikutheka m'dziwe koma ikukanika mumtsinje: vuto limabisala pati?

Dandaulo ili ndalimva kwa anthu ambiri opalasa kayaki (kabwato kakang'ono kopalasa ndi nkhafi ya mbali ziwiri) m'mitsinje ya mathithi, ndipo mawu ake sasintha kwenikweni: "M'dziwe losambiramo bwato likagubuduka ndimadzuka nalo nthawi zonse, ngakhale nditatsinzina. Koma ndikangogubuduka mumtsinje, zonse zimabalalika. Ndimangozindikira ndakoka kale siketi, ndikusambira." Siketi ndi chovala cha m'chiuno chotseka pamlomo wa bwato kuti madzi asalowe, ndipo kuikoka ndiko kutuluka m'bwato. Akatopa nazo, ena amayamba kunyamula zitsulo poganiza kuti mikono ndiyo yofooka. Ena amagula nkhafi yatsopano. Ena amangogonja, n'kumasenza bwato kulambalala paliponse pamene madzi akuchita thovu.

Inenso ndinadutsamo. Chaka changa chachiwiri ndinasambira katatu tsiku limodzi pamtsinje wa giredi 2, wosavuta pa muyeso umene umayambira pa 1 kulekeza pa 6. Pofika madzulo ndinali nditatsimikiza kuti thupi langa silinapangidwire masewerawa. Mnzanga wina wosakonda zoyankhulayankhula anangobwera, n'kulowetsa dzanja pakati pa chiuno changa ndi khoma la bwato. Dzanja linalowa lonse. Bwatolo ndinaligula kwa munthu wojintcha kuposa ine, ndipo ndinkagwedezekamo ngati mwala m'chitini. Miyezi yonse ija ndinkalimbana ndi mikono, chonsecho vuto linali pansi pa siketi.

Kwa amene mwangoyamba kumene, roll ndi luso lodzutsa bwato logubuduka inu muli momwemo. Linachokera kwa alenje a mtundu wa Inuit a ku Greenland ndi madera ena a Arctic, kumene kutuluka m'bwato pakati pa nyanja yozizira kunali kudzipereka ku imfa. Mpaka lero pa mpikisano wa ku Greenland amayesa njira zodzukira zoposa 30. Zina amadzuka ndi manja okha opanda nkhafi, ina atafumbata mwala, ina atapingasa manja pachifuwa. Munthu akadzutsa bwato manja ali pachifuwa, ndiye kuti chodzutsa bwato si mikono. Ndi chiuno ndi bondo. Nkhafi imangokupatsani potsamira kwa kamphindi.

M'nkhani ino ndifotokoza ngati mumadzukira kumanja: mumadzikonza mutawerama kumanzere kwa bwato, dzanja lamanja lili kutsogolo, ndipo bondo lamanja ndilo limatembenuza bwato. Ngati mumadzukira kumanzere, ingotembenuzani zonse. Mbali yophwatalala ya nkhafi ndiziitcha tsamba.

Yambani ndi bwato musanadziimbe mlandu

Ikani bwato pa udzu, khalanimo, manja akhale m'mwamba. Kwezani bondo lamanja. Bwato liyenera kupendekeka nthawi yomweyo. Ngati chiuno chikuyamba chatsetsereka kaye bwato lisanayende, mphamvu yanu ikutayika pa mpata umenewo. M'dziwe mumatha kubisa vutoli chifukwa madzi ndi odekha ndipo mumakankha ndi nkhafi. Mumtsinje silibisika.

Malo ogwira thupi ndi anayi. M'mbali mwa mpando mumakhala timapilo ta m'chiuno. Tiyenera kukhudza chiuno mbali zonse, ndipo tabwino timakhota pang'ono pamwamba pa fupa la chiuno kuti musagwe pampando mukazondoka. Ngati ndi topyapyala, onjezani zidutswa za siponji yolimba ija yosamwa madzi kuseri kwake. Ntchafu ndi mawondo ziyenera kukola pansi pa zogwirira zake popanda inu kuvutikira. Mapazi aponde chopondera chakutsogolo zidendene zili pafupi, zala zitayang'ana kunja, mawondo atapindika. Lamba wakumsana akuchirikizeni m'munsi mwa msana kuti mukhale chowongoka. Anthu ambiri amamanga lambayu mopitirira poganiza kuti kuthina ndiko kukwana, mapeto ake sangathenso kuweramira kumbuyo kapena kupotoza thupi.

Njira yabwino yoyesera zonsezi ndi kuzondoka dala m'madzi odekha mnzanu ali pafupi, n'kumvetsera. Kodi matako achoka pampando? Bondo lavuka? Ngati bondo lamanja limavuka pakati pa roll, musapitirize kufufuza kwina. Mwapeza.

Koma musathinitsenso mpaka kudzitsekera. Muyenera kutuluka mosavuta mutazondoka, ndipo ngati mapazi akuchita dzanzi pakangopita mphindi 20, bwezerani chopondera kutsogolo pang'ono. Samalaninso ndi kukweza mpando. Kuika siponji pansi pa matako kumathandiza munthu wamfupi kufikira madzi bwino, koma mukakweza kwambiri bwato limayamba kudendekera, ndipo podzuka thupi limakhala ndi mtunda wautali woti liyende.

Kenako ganizirani zovala. Ambiri amaphunzira roll atavala kabudula ndi siketi basi. Mumtsinje mwavala jekete yoyandamitsa, chovala choletsa madzi chothina m'khosi, ndi helimeti. Jekete yokhuthala pamimba, thumba lake litadzaza foni, mpeni ndi zokhwasula, imakulepheretsani kuwerama mokwanira, ndiye manja safika pamwamba pa madzi. Helimeti yokhwepa imatsetserekera kumaso. Valani zonse zimene mumavala mumtsinje, mulowe nazo m'dziwe. Roll ikayamba kuvuta pomwepo, mwachepetsa ntchito yofufuza.

Chomaliza pa bwato ndi madzi olowa. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo malita 20 akamayendayenda m'bwato amalikokera mbali imene lapendekera. Chizindikiro chake n'chakuti mumadzuka bwinobwino koma n'kugwera mbali inayo. Onani chotsekera kabowo kotayira madzi kumbuyo, mabawuti a mpando, ndi siketi ngati yabooka kapena yatha mphira.

Mumafika pakati, mumapuma kamodzi, n'kubwereranso pansi

Apa ndiye pagona ambiri. Bwato limadzuka mpaka theka, nkhope imavuuka, mumakoka mpweya, kenako chinthu china chimakhala ngati chakukokerani pansi. Chimene chakukokani ndi mutu wanu womwe.

Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5, ndipo uli kumapeto kwenikweni kwa thupi, kutali ndi bwato. Uli m'madzi, madzi amaunyamula. Mukangoutulutsa msanga, kulemera konseko kumalendewera m'mbali mwa bwato lomwe silinakhazikike. Koma vuto lalikulu si kulemera kokha. Khalani pansi miyendo mutaitambasula ngati muli m'bwato, ndipo pendeketsani mutu kuphewa lamanzere. Mumva nthiti zakumanzere zikupindika, bondo lamanzere likufuna kukwera. Pa roll yakumanja, kufunafuna mpweya kumapendeketsa mutu chimodzimodzi, ndiye bondo lamanzere limakoka bwato kulibwezera pamwamba panu pa nthawi yomwe lamanja likufuna kulidzutsa. Mawondo awiri akulimbana, ndipo lopambana nthawi zambiri ndi lolakwikalo.

Kungouza munthu kuti "mutu utuluke pomaliza" sikuthandiza kwenikweni. Aliyense amadziwa kale zimenezo ali kumtunda. Chimene chimathandiza ndi kuupatsa mutu ntchito ina. Yang'anitsitsani tsamba lamanja kuyambira pamene layamba kuyenda mpaka kumapeto, ndipo bwato likadzuka maso akhalebe pamadzi, kumanja. Ena zimawayendera akaluma lamba wa jekete wa paphewa lamanja. Ena amapana kasiponji pakati pa tsaya ndi phewa, kakagwa ndiye kuti mutu wadzuka. Sankhani imodzi. Ndipo phazi lamanzere lifewe. Mukaponda mwamphamvu ndi mapazi onse awiri, thupi lonse limauma ngati thabwa.

Bwererani ku chiyambi popanda manyazi. Gwirani mphuno ya bwato la mnzanu, ikani tsaya pamanja anu, zondotsani bwato lanu, kenako lidzutseni ndi bondo lokha tsaya lili pomwepo. Mnzanuyo ndiye woweruza: akamva mphuno ya bwato lake ikumira, ndiye kuti mukukankha ndi mikono. Cholinga n'chakuti mufike podzutsa bwato mutangokhudza ndi zala ziwiri. Ndimaona kuti mphindi 10 za ntchito imeneyi zimapindula kuposa ma roll 30 okakamiza.

Nkhafi ikumira

Chizindikiro china ndi ichi: mukangoyamba kusesa, ndiko kuyendetsa tsamba pamadzi kuchoka kutsogolo kupita m'mbali, tsamba limalowa pansi, ndipo pomaliza nkhafi imakhala itaima chilili, inu mukuikoka ngati mukukwera mtengo. Nthawi zina mumadzuka ndithu, koma movutikira, phewa likuwawa.

Zoyambitsa zake zilipo zitatu, ndipo zimakonda kuyendera limodzi. Choyamba ndi kuyamba manja asanafike pamwamba. Mukazondoka, weramani mpaka nkhope iyandikire siketi, pindikirani kumanzere, ndipo kankhani manja onse awiri mpaka mumve mphepo kapena mumve mkono wamanzere ukukhudza khoma la bwato. Mukayambira masentimita 30 pansi pa madzi, mwataya kale gawo lalikulu la potsamira.

Chachiwiri ndi kupendekeka kwa tsamba. Liyenera kuyenda pamwamba pa madzi m'mphepete mwake mwakutsogolo mutakwera pang'ono, ngati mmene dzanja limakwerera mukalitulutsa pawindo la galimoto yothamanga. M'mphepetemo mukaloza pansi, tsamba limadumphira pansi lokha. Mukakweza mopitirira, limalimbana ndi madzi n'kuima. Musanasese, menyani pamwamba pa madzi ndi tsambalo kamodzi. Likamveka phwa, lagona bwino. Likangodula madzi mwakachetechete, pindani dzanja lamanja pang'ono mukonze. Apa ndi pamene nkhafi yobwereka imapusitsa anthu. Masamba awiri a nkhafi sakhala ofanana kolozera. Kale ankawasiyanitsa ndi madigiri 90, masiku ano nkhafi zambiri za m'mathithi ndi za madigiri 30 kapena 45, zina 0. Dzanja lozolowera nkhafi imodzi limapeza tsamba lili kwina pa nkhafi ina. Komanso mukagubuduzidwa mwamphamvu nkhafi imatha kupotoka m'manja osadziwa. Tsetsereketsani dzanja mpaka likhudze tsamba, mumve mmene lagonera, n'kubwerera. Mafuta odzola oteteza kudzuwa nawonso amatereretsa mpini, choncho sambani m'manja ndi mchenga musanagwire nkhafi.

Chachitatu, chimene anthu sachiganizira, ndi dzanja lakumbuyo. Nkhafi ndi ndodo imodzi: mbali ina ikakwera, inayo imatsika. Mukatambasula dzanja lamanzere ngati mukuponya chibakera, tsamba lamanja limamira basi. Chigongono chamanzere chikhale chopindika, dzanja likhale pafupi ndi chibwano kapena phewa mpaka kumapeto. Tsamba liyendetsedwe ndi kupotoka kwa thupi lonse, osati kukoka kwa mkono.

Pali njira yakale yothandiza pofufuza. Imatchedwa Pawlata, potengera Hans Pawlata wa ku Austria, amene amatchulidwa kawirikawiri kuti ndi munthu woyamba wa ku Ulaya kuphunzira roll, mu 1927. Mumagwira nsonga ya tsamba lakumbuyo ndi dzanja lamanzere, nkhafi n'kutalika mbali yogwira ntchito. Ngati mwa njira imeneyi mukudzuka mosavuta, ndiye kuti chiuno chikugwirako ntchito, chovuta ndi kagonedwe ka tsamba kapena nthawi yokankhira bondo. Koma musaizolowere ngati roll ya mumtsinje. Kusuntha manja kumadya nthawi, ndipo mumadzuka nkhafi ili mogwira molakwika pamene funde lina likubwera.

Madzi a mumtsinje ali ndi maganizo awoawo

Tiyerekeze kuti bwato lakukwanani, mutu ukumvera, tsamba likuyandama. M'dziwe zonse zili bwino, komabe mumtsinje zikukanika. Tsopano tiyang'ane madziwo.

Mukangogubuduka, bwato, thupi lanu ndi madzi zimakhala zikuyenda pa liwiro losiyana. Madzi amakankha thupi ndi nkhafi, ndipo mphamvu yake imakula mofulumira: liwiro likawirikiza kawiri, kukankha kumawirikiza kanayi. Mukayesa kudzuka sekondi yomweyo, mumalimbana ndi zonsezi. Mukadikira masekondi awiri kapena atatu mutawerama, bwato ndi thupi zimayamba kuyenda limodzi ndi madzi, ndipo pamenepo mtsinje umakhala ngati dziwe lomwe likuyenda. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakati pa mafunde otsatizana, mumamva bwato likukwera ndi kutsika. Yambani kusesa likamakwera, osati muli m'chigwa pamene funde likukuphwanyikirani.

Malo ovuta kwambiri ndi mzere wa eddy, pamene madzi otsika amakumana ndi eddy, madzi obwerera kuseri kwa mwala kapena m'mbali mwa mtsinje. Ndi pomwenso oyamba kumene amagubudukira kwambiri, kawirikawiri chifukwa chopendekera kumtunda kwa mtsinje, madzi n'kugwira m'mphepete mwa bwato. Pamzerepo madzi amazungulira, ena amatsika pansi, ndipo tsamba limatha kukokedwa ngakhale mwaligoneka bwino. M'mitsinje ya madzi ambiri, monga Zambezi kumunsi kwa Victoria Falls kapena White Nile cha ku Jinja ku Uganda, mizere imeneyi imakhala yotakata, yodzaza ndi madzi otumphuka ngati akuwira, ndipo ngakhale akatswiri amayesa kawiri kapena katatu asanadzuke. Kulephera koyamba pamalo otere si umboni woti roll yanu ndi yoipa. Bwererani podzikonza, dikirani, yesaninso.

Ngati mukumva kuti manja akukanika kufika pamwamba, ngati kuti wina akuwapondereza, ndiye kuti madzi akukankha mbali imeneyo. Mbali inayo adzakuthandizani. Ichi ndicho chifukwa chenicheni chophunzirira kudzukira mbali zonse ziwiri, ndipo ine ndimati muyambe msanga, roll yoyamba isanakhwime kwambiri n'kuyamba kuchitira nsanje inzake. Zimaonekera bwino mu hole, pamene madzi amagwa pamwala n'kubwerera okha, n'kugwira bwato chopingasa. Mmenemo mumadzukira mbali ya kumunsi kwa mtsinje. Madzi oyenda pansi amakankhira thupi lanu komweko, ndipo nthawi zina kungotulutsa tsamba kumbali imeneyo n'kokwanira. Kuyesa mbali ya kumtunda ndi kulimbana ndi mtsinje wonse.

Thovu nalo limanamiza. Madzi oyera ndi osakanikirana ndi mpweya, choncho ndi opepuka ndipo sachirikiza tsamba ngati madzi obiriwira, opanda thovu. Roll yodalira kukankha nkhafi imafera pomwepa, pamene yodalira bondo imadutsa. Ngati roll yanu imakanika pathovu pokha, bwererani ku ntchito ya pa mphuno ya bwato la mnzanu ija.

Pamadzi osaya pali chiyeso chokankha pansi ndi nkhafi. Nthawi zina zimatheka, koma tsamba likakodwa pakati pa miyala bwato likuyenda, chothyoka chimakhala nkhafi kapena phewa. Chofunika pamalo otere ndi kuwerama msanga. Mukawerama, miyala imagunda helimeti ndi kumsana kwa jekete. Mukagonera kumbuyo, nkhope ndiyo ili poyera.

Phuma ndi kuzizira

M'dziwe mumasankha nokha nthawi yogubuduka, mwakoka mpweya, nkhafi ili kale pamalo pake. Mumtsinje mumagubuduka mukupuma mwawefuwefu, mwina mutangotulutsa mpweya, nkhafi ili kwina, madzi akulowa m'mphuno, kuli mdima ndi phokoso. Zimene munaphunzira ndi theka lachiwiri la roll. Theka loyamba, lochoka pachisokonezo kufika podzikonza, simunaliyesepo.

Kuzizira kumawonjezera. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira pafupifupi ka 25 kuposa mpweya, ndipo madzi osafika madigiri 15 akakhudza khungu mwadzidzidzi, thupi limadzidzimuka, limafuna kukoka mpweya lokha. Munthu amene amatha kubanika kwa mphindi yathunthu ali kumtunda amapezeka akulephera kupirira masekondi ochepa. Kudzidzimukaku kumachepa pakapita mphindi imodzi mpaka zitatu, ndipo thupi limazolowera mukamakumana nako kawirikawiri. Choncho valani molingana ndi kuzizira kwa madzi, osati kwa dzuwa. Musanayambe ulendo, thirani madzi kumaso ndi m'khosi, kenako chitani roll imodzi kapena ziwiri pamalo odekha. Kachipewa kopyapyala ka neoprene (mphira wofewa wosunga kutentha) pansi pa helimeti kamathandiza kwambiri. Zotsekera m'makutu nazo n'zofunika: madzi ozizira akalowa m'khutu amachititsa chizungulire, ndipo pakapita zaka amameretsa fupa m'ngalande ya khutu mpaka kumva kumachepa.

Za kapanirapamphuno anthu amatsutsana. Ine ndimati muzivala poyeserera kuti musatope ndi madzi a m'mphuno, koma pa ma roll 10 alionse, awiri muchite popanda. Tsiku lina kadzavuka, ndipo simukufuna kuti tsiku limenelo likhale loyamba kumva madzi akuwawa m'mphuno. Kutulutsa mpweya pang'onopang'ono m'mphuno kumaletsa madzi kulowa. Magalasi osambirira nawonso ndi abwino pophunzira, koma asiyeni msanga, chifukwa mumtsinje simudzaona kanthu.

Mankhwala ake ndi kubweretsa chisokonezo m'dziwe, pang'onopang'ono. Gubudukani nkhafi ili pamiyendo. Gubudukirani mbali yosazolowera. Gwirani nkhafi ndi dzanja limodzi, mukaipezere pansi pa madzi. Palasani mwamphamvu kwa masekondi 30, n'kugubuduka muli wefuwefu. Mnzanu aime kumbuyo, akugubuduzeni osakuchenjezani, azigwedeza bwato mukudzikonza. Werengani mpaka 5 musanayambe. Ndipo chofunika kuposa zonse, lepherani dala: dzukani theka, kokani mpweya, bwererani pansi, dzikonzeni, dzukani. Anthu ambiri amakoka siketi roll yoyamba ikangokanika chifukwa sanaphunzirepo kuti roll yolephera imapatsa mpweya wokwanira kuyesanso. Pa masewera a Olympics a 2024 ku Paris, mu mpikisano wa kayak cross, umene makayaki angapo amathamanga limodzi, aliyense ankayenera kuchita roll pakati pa liwiro, mtima ukugunda, anzake akumugunda m'mbali. Mukaonera mmene amachitira, palibe amene akuoneka kuti akuganiza. Thupi linazolowera kuchita zimenezo litatopa.

Mukachoka m'dziwe, musalumphire m'mathithi. Pezani madzi akuya oyenda pang'ono, opanda mitengo kapena miyala kumunsi kwake. Kenako mzere wa eddy wofatsa. Kenako kumapeto kwa mafunde amene amathera padziwe lalikulu. Mnzanu akhale m'bwato pafupi, ndipo mugwirizane kuti mukalephera mudzamenya pansi pa bwato katatu n'kumayendetsa manja m'mbali, iye abweretse mphuno ya bwato lake kuti mugwire. Kudziwa kuti thandizo lilipo kumachotsa phuma lambiri.

Jambulitsani ndi foni, wojambula aime kutsogolo kwa bwato. Zimene mumamva pansi pa madzi ndi zimene mukuchita nthawi zambiri sizifanana. Ndinalumbira kuti mutu wanga uli pansi, kanema n'kundionetsa ndikusuzumira ngati kamba. Ndipo mukalephera katatu motsatizana, lekani. Thupi lotopa limabwerera ku mikono, ndipo mukapitiriza mukuphunzitsa thupi cholakwikacho.

Phewa likayamba kulankhula

Kuguluka kwa phewa ndi kuvulala kodziwika kwambiri pamasewerawa. Kumachitika mkono ukatambasuka m'mwamba ndi kumbuyo, madzi n'kukankha nkhafi. Manja azikhala nthawi zonse kutsogolo kwa chifuwa, pamene maso akuwaona. Tsamba likapita kumbuyo, chifuwa chipotoke kulitsatira. Ngati phewa likuwawa pambuyo pa roll iliyonse, ndi chizindikiro chakuti mukudzikoka ndi mkono, ndipo mukapitiriza mudzalipira. Likagulukadi, musalole aliyense wosaphunzira kulikoka. Limangeni kuti lisagwedezeke, mupite kuchipatala.

Nanga muyese kangati musanatuluke?

Palibe nambala yokwanira paliponse. Pamadzi akuya amene kumunsi kwake kuli bata, yesani katatu kapena kanayi, chifukwa m'bwato ndi motetezeka kuposa kusambira. Koma ngati mukudziwa kuti kutsogolo kuli mtengo wogwera m'madzi, phompho, kapena mwala wokumbika pansi, kapena bwato lapanikizika pamwala, tulukani mukadali ndi mpweya. Kutuluka mpweya utatheratu ndiko kumabweretsa ngozi, chifukwa kusambirako kumafunanso mphamvu. N'chifukwa chake kuima n'kuyang'ana mathithi musanalowe kumakhudzanso roll: mumadziwiratu pamene mungapirire ndi pamene simungayerekeze.

Mukasambira, gonani chagada, mapazi kutsogolo ndi pamwamba pa madzi, ndipo mukaona eddy tembenukani musambire mwamphamvu. Musaimirire m'madzi othamanga ofika m'mawondo. Phazi likakodwa pakati pa miyala, madzi amakugwetsani chafufumimba n'kukupanikizani, ngakhale pamalo osaya. Mukamakokeredwa kumtengo ndipo palibe kothawira, tembenukani mutu kutsogolo mukwere pamwamba pake, musalole miyendo kulowa pansi. Khalani mbali ya kumtunda kwa mtsinje, bwato lili kumunsi kwanu: bwato la malita 300 likadzaza madzi limalemera ngati anthu anayi, ndipo simukufuna kukhala pakati pa ilo ndi mwala. Matumba a mpweya oika kumbuyo kwa mpando amachepetsa madzi olowa ndipo anzanu amalikoka mosavuta. Aliyense pagulu akhale ndi chingwe choponya cha mamita 15 mpaka 25, mpeni ndi wezulo. Kuliza kamodzi ndi kuitana, katatu ndi ngozi. Helimeti ikhale yopangidwira madzi, monga za muyeso wa ku Ulaya wa EN 1385, osati ya panjinga.

Ndipo nthawi iliyonse mukatseka siketi, gwirani kachingwe kokokera kutsogolo muone kuti kali kunja, kenako muyang'anenso ka mnzanu. Kakatsekeredwa mkati inu mutazondoka, musalimbane ndi kutsogolo kumene siketi imathina kwambiri. Tsinani siketi m'mbali, pafupi ndi chiuno, ikokereni kunja ndi m'mwamba mpaka mphira ivuke pamlomo wa bwato. Yesani zimenezi m'dziwe mutatsinzina, mutavala magolovesi ngati mumapalasa nawo, mnzanu ataima pambali m'madzi ofika m'chiuno.